Masilipasi a ku Petrópolis

Pakhomo la Museu Imperial, mumzinda wa Petrópolis ku Brazil, mlendo aliyense amapatsidwa masilipasi a nsalu oti avale pamwamba pa nsapato zake, kuopa kukala miyala ya mabo ndi matabwa apansi. Ine nditavala, ndinangozindikira ndikukhwekhwereza mapazi ngati mkamwini pakhomo pa apongozi. Nyumbayi imakuphunzitsa ulemu usanaone n'komwe kanthu.

Inayamba kumangidwa mu 1845 kuti mfumu Pedro II azithawirako kutentha ndi matenda a ku Rio de Janeiro m'nyengo yotentha. Pulani yake inajambulidwa ndi Julius Koeler, injiniya wochokera ku Germany. Ndi nyumba ya pinki, yotambalala, yosanyada, ndipo mbali zake ziwiri zimafanana ngati mapasa. Ufumu utagwa mu 1889 inadzasanduka sukulu, kenako mu 1943 inatsegulidwa ngati malo osungira zinthu zakale.

Kudekha kwakeko ndi kumene kumandivuta. M'katimo muli chisoti cha mfumu chodzaza ndi dayamondi, mulinso cholembera chagolide chimene mwana wake, Isabel, anasainira lamulo lothetsa ukapolo pa 13 Meyi 1888. Ukachiyang'ana m'galasi lake, ufulu umaoneka ngati mphatso yochokera kwa banja lachifundo. Chikhalirecho, Brazil ndiye anali womaliza ku America konse kuthetsa ukapolo, ndipo pofika tsikulo akapolo ambirimbiri anali atathawa okha m'minda ya khofi.

Khofiyo ndiye ankanyamula chuma cha ufumuwo, ndipo ankalimidwa m'chigwa cha Paraíba, pafupi ndi mapiri omwewa. Ena mwa olimawo anakwezedwa m'zombo ku Quelimane atagwidwa m'madera a mtsinje wa Zambezi ndi kumtunda kwake. Ku Rio ankangowatcha kuti Moçambiques. N'kutheka kuti ena ankalota m'chinenero chimene ndikulembachi.

Sindikunena kuti nyumbayi ndi yabodza. Inamangidwa mwaluso, ndipo ikusamalidwa bwino. Koma chipinda chodyera ndi chipinda cha nyimbo zimanena mbiri ya odya ndi omvera, pomwe ya olima imafuna kuti mlendo abwere nayo yekha. Wopitako avale masilipasiwo, pansi pasakalike. Akafika pa cholembera chija, adzifunse kuti ndani anachititsa kuti dzanja la Isabel lisakhalenso ndi pothawira.