Buku la chilala cha ku Cape Town laiwala wotsuka galimoto

Leonie Joubert ndi mlembi wa ku South Africa wa nkhani za sayansi ndi kusintha kwa nyengo, pomwe Gina Ziervogel amaphunzitsa ndi kuchita kafukufuku pa yunivesite ya Cape Town. Awiriwa adalembera limodzi buku lalifupi la m'Chingerezi lotchedwa Day Zero: One City's Response to a Record-Breaking Drought, lomwe lidatuluka mu 2019. Nkhani yake ndi ya mzinda wa anthu pafupifupi 4 miliyoni womwe udatsala pang'ono kutseka mipopi mvula itavuta zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 2015 mpaka 2017. Bukuli ndi labwino ndipo ndikufuna anthu aliwerenge, koma pali munthu mmodzi amene sadapatsidwe mpando m'menemo, ndipo ndiye amene ndikufuna kumulankhulira.

Madzi a Cape Town amachokera m'madamu akuluakulu asanu ndi limodzi, ndipo lalikulu pa onsewo ndi Theewaterskloof. Khonsolo idalengeza kuti madzi m'madamuwa akangotsika kufika pa 13.5 peresenti, mipopi ya m'makomo ambiri itsekedwa, ndipo aliyense azikaima pamzere pa malo pafupifupi 200 kukatunga malita 25 patsiku. Tsikulo ndi lomwe ankalitcha Day Zero, ndipo nthawi ina lidaikidwa pa 12 Epulo 2018. Kuyambira pa 1 Febuluwale chaka chomwecho munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku, akumwa, ophikira, osamba, ochapira ndi a kuchimbudzi omwe. Mzinda womwe mu 2015 unkatha malita pafupifupi 1.2 biliyoni patsiku nyengo yotentha udatsikira kufupi ndi 500 miliyoni. Alimi a ku Elgin ndi Grabouw adapereka madzi a m'madamu awo, mvula idabwera, ndipo mipopi siidatsekedwe.

Luso la alembiwa lagona pa kamangidwe ka buku. Sadatsatire kalendala. Adaigawa nkhaniyo kwa anthu asanu: woyendetsa za madzi, wandale, wochita kafukufuku, mneneri, ndi mkhalapakati amene amanyamula nzeru za akatswiri kupita nazo kwa opanga ziganizo. Ukawerenga motere umayamba kuona kuti chilala cha mumzinda chimakula kapena kuchepa malinga ndi momwe maofesi akumverana. Madamu akuluakulu kwambiri ali m'manja mwa boma lalikulu, lomwe linali la chipani cha ANC, pomwe mipopi ya mumzinda ili m'manja mwa khonsolo ya chipani cha DA. M'kati mwa DA momwemo munali mkangano, kotero kuti mu Januwale 2018 meya Patricia de Lille adalandidwa udindo woyang'anira za chilalachi vuto lili pachimake. Chinanso chomwe anthu ambiri sadachione ndi maso ndi ntchito ya mainjiniya ochepetsa mphamvu ya madzi m'mapaipi, kuti otayika pa malo odontha achepe komanso mpopi usamatulutse ambiri munthu akatsegula. Ntchito yosatchuka imeneyi idapulumutsa madzi ochuluka kuposa makina oyembekezera ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja omwe adaikidwa ku Strandfontein ndi ku Monwabisi.

Anthu asanuwo onse ndi a muofesi, ndipo apa ndi pomwe ndikudandaula. Palibe mutu wa munthu amene madzi ndiwo khasu lake: wochapa zovala za anthu, wosamalira maluwa, wotsuka magalimoto. Amalawi ambiri okhala ku Cape Town amagwira ntchito zoterezi, ndiye kwa ife wosowayo ndi mlamu, ndi mphwathu. Mu 2017 khonsolo idaletsa kutsuka galimoto ndi madzi akumwa a pampopi. Lamulo lidati anthu agwiritse ntchito madzi osamwedwa, nthunzi, kapena mankhwala otsukira popanda madzi. Kampani yokhala ndi mjigo wake kapena makina obwezeretsa madzi idapitiriza ntchito. Mnyamata wa ndowa ndi siponji m'mbali mwa msewu ku Khayelitsha kapena ku Nyanga ndiye ankalipitsidwa chindapusa, chonsecho madera a zisakasa onse pamodzi ankagwiritsa ntchito madzi osafika 5 peresenti ya madzi a mzindawo.

Mawu oti otsukira popanda madzi amaoneka opepuka papepala la khonsolo, koma kumbuyo kwake kuli ntchito yofuna kuphunzitsidwa. Mankhwalawa alipo mitundu iwiri. Woyamba ndi wa m'botolo lopopera. Umapopera pa chitseko chimodzi mpaka penti yanyowa, n'kudikira pang'ono kuti fumbi lifewe, kenako n'kupukuta mopepuka ndi nsalu ya microfibre yopinda panayi, molunjika mbali imodzi osazunguliza. Ukadutsa kamodzi umatembenuza nsalu kuti mbali yoyera ndiyo ikhudze penti, ndipo ina youma ndiyo yowalitsira. Mtundu wachiwiri umasungunulidwa m'ndowa. Wodziwika kwambiri ndi Optimum No Rinse, womwe amathira mamililita pafupifupi 30 m'malita 8 a madzi, ndipo ndowa imodziyo imakwanira galimoto yaing'ono. Nsalu zingapo zimanyikidwa m'menemo, wotsuka amayambira padenga kutsikira m'munsi, ndipo nsalu yomwe yada siibwereranso m'ndowa. Palibe kutsukuluza, ukamaliza chigawo chimodzi umaumitsa pomwepo dzuwa lisanasiye madontho. Mankhwalawa amakuta tinthu ta fumbi n'kutiterereketsa kuti tisakande penti. Yerekezani ndi paipi ya m'munda, yomwe ikatsegulidwa mphindi khumi imatha kutaya malita opitirira 100.

Komabe mankhwalawa ali ndi malire ake. Wopopera uja ndi wa fumbi lopepuka la mutauni. Galimoto yobwera ndi matope ouma kapena mchenga siingatsukidwe nawo, chifukwa nsalu imakoka mchengawo n'kusiya timizere tomwe timaonekera bwino padzuwa, makamaka pa penti yakuda. Wa m'ndowa amapirira litsiro lochulukirapo, koma matope ayenera kuyamba achotsedwa ndi madzi ndithu. Matayala amafuna nsalu zawozawo chifukwa fumbi la mabuleki lili ndi tizitsulo. Nsalu zimafunika zambiri, ndipo nazonso zimafuna madzi ozichapira. Zonsezi ndi ndalama zoti munthu atulutse asanalandire kalikonse, ndipo penti ikakandika mwini galimoto amakalipira wotsuka, sapita kukhonsolo. Buku lofunsa momwe mzinda umapirira chilala likadafunsanso kuti amene adauzidwa kusiya ndowa adagula bwanji botolo loyamba, nanga adamuphunzitsa ndani kupinda nsalu.

Sindikunena kuti alembiwa alibe nazo ntchito za osauka. Ziervogel wakhala akuchita kafukufuku pa momwe madera osauka a Cape Town amapezera madzi, ndipo bukuli silibisa kuti mabanja ambiri m'zisakasa ankaima kale pamzere wa mpopi umodzi chilala chisanabwere. Vuto n'lakuti kudziwa za munthu n'kosiyana ndi kumupatsa mpata woti alankhule yekha. Buku lawo ndi lalifupi, malo a mutu wachisanu ndi chimodzi analipo.

Owerenga a kuno kwathu apezamo zambiri zowakhudza. Anthu a ku Lilongwe akukumbukira 2016, pomwe madzi adatsika m'madamu a Kamuzu ku Malingunde ndipo madera ankalandira madzi mosinthana. Zikachitikanso, malo otsukira magalimoto ndiwo adzayambe kulozedwa chala, popeza madzi awo amayenderera pamsewu aliyense akuona, pomwe a paipi yophulika pansi pa nthaka sawaona munthu. Akuluakulu a mabungwe ogawa madzi ndi makhansala aliwerenge bukuli kuti aone momwe Cape Town idayendetsera madamu, mapaipi ndi uthenga wopita kwa anthu. Koma asanalembe lamulo loletsa paipi, akakhale pansi ndi anyamata otsuka magalimoto, amve mtengo wa botolo ndi nsalu, ndipo akonze zowaphunzitsa madamu akadali odzaza.