Kudzaza ndi Kusefukira

Angerezi ali ndi mau akuti "awash". Poyamba mauwa ankanena za mwala kapena bwato limene madzi akudutsa pamwamba pake. Lero olemba nyuzi amawanena pa cinthu ciliconse coculuka. Nafenso tayamba kutengera, makamaka ku Mandimba, kumene timamva nkhani zambiri zocokera ku Malawi. Timati: "Msika wasefukira ndi katundu." "Sukulu yasefukira ndi ana."

Kodi mauwa ali pamalo pake? Nkhokwe ikadzaza ku Ngauma, banja limakondwa. Koma mtsinje wa Lugenda kapena wa Lúrio kufupi ndi Cuamba ukasefukira, cimanga ca m'dimba cimapita ndi madzi. Kudzaza ndi kukwanira. Kusefukira ndi kuononga. Munthu woyamika makolo ponena kuti sukulu yasefukira, wasandutsa ana athu cigumula.

Komabe ilipo nthawi imene mauwa amanena zoona. M'caka ca 2017 dziko la India linacepetsa nandolo amene linkagula kunja. Nandolo anaunjikana m'misika yathu, mtengo unagwa, ndipo alimi ambiri analima caka conse popanda phindu. Apo msika unasefukiradi, cifukwa panali olira.

Tsono anzathu, tisanalembe mauwa tiyambe tadzifunsa: ndani waonongekerwa? Ngati palibe, tinene kuti "wadzaza". Ngati alipo, timchule poyera, kuti wowerenga adziwe amene madziwo amukokolola.

Kambiranani: ndi ciani cinasefukirapo kwanu, ndipo analira ndani?