Nsomba ya ku Mithila pa Kabati

Ku Mithila, m'chigawo cha Bihar ku India, amayi ankajambula nsomba, nsungwi ndi maluwa a m'madzi pa makoma a chipinda cha akwati, pofunira banja latsopanolo mphatso ya ana. Chilala chitavuta m'zaka za m'ma 1960, anayamba kujambula pa mapepala kuti azigulitsa. Lero zithunzi zomwezo, zotchedwa Madhubani, zili pa makabati ndi matebulo ogulitsidwa m'mizinda.

Za kukongola kwake palibe angatsutse. Koma nsomba yomwe inali pemphero ikafika pa tebulo lomwerapo tiyi imasanduka chokometsera chabe, ndipo wogula sadziwa n'komwe chimene ikunena.

Mipando ya ku Sankheda, m'chigawo cha Gujarat, ndi yosiyana. Mmisiri amalemba mizere yake mtengo ukuzungulira pa chosemera, kenaka n'kupaka utomoni wonyezimira. Kumeneko utoto ndi mtengo zinabadwira pamodzi, choncho palibe chimene chatayika.

Mayi wojambula kuti adyetse ana ake sitingamudzudzule. Mlandu uli kwa wamalonda amene amagulitsa kabatiyo osatchula dzina la wojambula kapena tanthauzo la nsombayo.