Kuwerenga Chitsulo cha P38

Katswiri wosonkhanitsa mfuti zakale za asilikali akapatsidwa pisitolo ya P38, amayamba wachotsa magazini, n'kukokera m'mbuyo chitsulo chapamwamba chija chimatsetsereka mfuti ikalira, kuti atsimikize kuti mulibe chipolopolo. Kenako amaipendeketsa poyera, galasi lokulitsa zinthu lili kudzanja linalo.

Maso ake amapita kumanzere kwa chitsulocho. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, dziko la Germany linkabisa mayina a mafakitale a zida, n'kumadinda zilembo zachinsinsi. Pakakhala "ac", mfutiyo ndi ya Walther ku Zella-Mehlis. "Byf" ndi Mauser ku Oberndorf. "Cyq" ndi Spreewerk ku Grottau. Awiri oyambawo ankawonjezera chaka, moti "ac 42" ndi ya 1942. Spreewerk sinkalemba chaka, ndiye katswiriyo amachita kuyerekezera potengera nambala ya mfutiyo.

Pomwe pamandigometsa ine ndi pa kachiwombankhanga. Oyendera zida a boma ankadinda kambalameka, kochepa ngati njere ya mpunga, pansi pake pali nambala: 359 kwa Walther, 135 kwa Mauser, 88 kwa Spreewerk. Zilembo zikanena kwina, kambalame n'kunena kwina, katswiri uja amakhala pansi n'kuyamba kufunsa mbiri ya mfutiyo. Akatero amaiphwasula kuti aone ngati nambala ya pa thunthu, ya pa mpope ndi ya pachitsulo chapamwamba ili imodzi. Ngakhale kachitsulo kokhoma mpope, kobisika kunsi kwake, kali ndi manambala atatu omaliza.

Zotsalazo amaweruza ndi chala. Mfuti za 1941 n'zosalala, zakuda mowala. Nkhondo itafika pothina, mafakitale analeka kupukuta, mizere ya makina n'kutsala pachitsulo. Iye amayendetsa nsonga ya chala pa zilembo zija. Zikakhala zakuthwa m'mphepete, chitsulocho sichinakhudzidwe. Zikakhala zofufutika, wina anachipala n'kuchidetsanso, ndipo mtengo wake umatsika ngakhale chikuoneka chatsopano.

Mfuti zambiri zomwe asilikali a Soviet Union analanda zinaphwasulidwa, kuviikidwa mu mankhwala odetsa chitsulo, n'kulumikizidwanso mosakaniza ziwalo. Zimenezi kawirikawiri zimadziwika ndi chizindikiro cha X, komanso manambala olembedwa pamanja ndi cholembera chamagetsi.