Mphindi 20 pa kiyibodi ya mpingo

Oliza kiyibodi ambiri m'mipingo ya ku Geisha, mumzinda wa Mzuzu, alibe chida chawochawo. Kiyibodi ndi ya mpingo, ndipo amaigwira madzulo a pulakatisi ya kwaya, ataweruka kuntchito kapena kusukulu. Magetsi akati athime, nthawi yochepayonso yapita. Chomwe woliza amakhala nacho ndi mphindi 15 kapena 20 oimba asanasonkhane.

Ambiri mphindizi amazithera kuliza nyimbo yomwe amaidziwa kale, kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Khutu limasangalala, koma zala sizitolapo kanthu, chifukwa malo ovuta amangowadutsa mothamanga. Chaphindu ndi kupatula kachigawo komwe zala zimapunthwa n'kukabwereza pang'onopang'ono mpaka katakhazikika. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pomwe Mzuzu amazizira mpaka zala kuuma, mphindi ziwiri zoyamba ziyenera kupita pokweza ndi kutsitsa sikelo.

Nthawi yambiri iyenera kupita ku makiyi. Makiyi akuluakulu alipo 12, koma woliza wodziphunzitsa yekha amakonda kukhazikika m'kiyi imodzi, kaya C kapena F, n'kusiyira zotsalazo batani la transpose lomwe makiyibodi monga a Yamaha PSR ali nalo. Bataniri limathandiza pa nyimbo yokonzedweratu. Limagwiritsa mwala pomwe mayi wa m'gulu la amayi la Umanyano wadzambatuka pakati pa mapemphero n'kuyambitsa kolasi m'mawu ake, osafunsa aliyense. Mpingo wonse wayankha kale, manja akuombedwa, woliza akadali kudina batani kusaka kiyi, sipika ikutulutsa mawu osemphana ndi anthu.

Mankhwala ake ali mu solofa, yomwe makwaya a kumpoto amaidziwa bwino. Njirayi anaifalitsa John Curwen ku England, ndipo kuno inabwera ndi amishoni a ku Scotland omwe anayambitsa Livingstonia mu 1875. Makolasi ochuluka amatsamira pa ma chord atatu, a do, fa ndi so. M'kiyi ya G amenewa ndi G, C ndi D. M'kiyi ya F ndi F, B flat ndi C. Woliza akasankha kiyi imodzi sabata iliyonse, n'kumazungulira ma chord atatuwa mphindi khumi, kenako n'kuwonjezera chord ya la, pakatha masabata 12 amakhala atapondamo m'makiyi onse. Ndi ntchito yosakoma kumva, ndipo wodutsa panja angaganize kuti m'tchalitchi muli mwana akusewera.

Dzanja lamanzere ndilo limanyalanyazidwa kwambiri. Makiyibodi amakono amadziimbira okha ng'oma ndi besi, choncho dzanjali limazolowera kungogona pa chord n'kudikira. Mphindi zisanu zoliza ng'oma za makina zitazimitsidwa, phazi likugunda pansi kusunga liwiro, zimaulula msanga ngati woliza ali ndi muyeso wake.

Kudziletsa nakonso kumafuna pulakatisi. M'buku la Sumu za Ukhristu muli nyimbo zomwe anthu monga Mawelera Tembo anapeka potengera maimbidwe a Chingoni, molimbikitsidwa ndi m'mishoni Donald Fraser. Nyimbo zotere zinabadwira m'mawu a anthu, wotsogolera akuyamba ena akuyankha, popanda chida. Kuziunjikira ma chord okometsera omwe achinyamata amatola pa YouTube kumazilemetsa. Woliza waluso amayeserera kulowa mochedwa, mzere wa wotsogolera n'kuusiya wopanda kiyibodi.

Masiku omwe chida chatsekeredwa, khutu lingathe kugwirabe ntchito. Munthu ali m'minibasi yopita m'tauni akhoza kumvera nyimbo pa foni, n'kupeza do wake chamumtima ndi kuwerenga pomwe chord yasinthira. Akafika kunyumba, zala zimayeserera mayendedwewo pathebulo, kudikira tsiku la kwaya.