Tsiku la Valentine m'Makalasi a Ana Aang'ono: Kupenda Nchito Zake

M'masukulu a ku America ndi ku Canada muli mwambo wakuti pa 14 Febuluwale, tsiku lotchedwa la Valentine, ana a m'makalasi oyamba amapatsana timakalata ta chikondi. Mlungu wonse tsikulo lisanafike aphunzitsi amakonza nchito zoyenda ndi mwambowo, monga kudula mapepala ofiira m'maonekedwe a mtima, kukongoletsa bokosi lolandiriramo makalata, kuwerenga timaswiti, ndi kulemba maina a ana anzawo. Nchito zimenezi zinasindikizidwa m'mabuku ambiri a aphunzitsi, ndipo masiku ano zadzaza pa intaneti, kotero kuti wophunzira uphunzitsi wofunafuna chophunzitsa ana a zaka 5 kapena 6 sangalephere kukumana nazo. Popeza zimakopa maso, ziyenera kupetedwa modekha kuti mphale isiyane ndi gaga.

Poyamba tsikuli silinali la ana iai. Valentine anali Mkhristu wophedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake ku Roma m'zaka za m'ma 200, ndipo mu 1969 Mpingo wa Katolika unachotsa chikumbutso chake pa kalendala ya mpingo wonse, ngakhale dzina lake likadali pakati pa oyera mtima. Za chikondi zinalowa pambuyo pake. Geoffrey Chaucer, mlakatuli wa ku England, analemba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300 ndakatulo yotchedwa The Parlement of Foules, m'mene mbalame zisonkhana pa tsiku la Valentine kudzasankha amuna ndi akazi awo. Makalata anachuluka mu England kuyambira 1840, pamene mtengo wotumizira kalata unatsikira pa kobiri limodzi. Ndipo ku Worcester, m'chigawo cha Massachusetts, Esther Howland anayamba kupanga ndi kugulitsa makhadi okongoletsedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1840. Motero mwambowu unafika m'kalasi podzera ku positi ofesi ndi ku sitolo, ndipo njira ziwirizo zikuonekabe m'nchito za ana: ya positi ofesi ndiyo inabweretsa zopindulitsa, ya sitolo inabweretsa zoononga.

Kudula mtima wa pepala ndi nchito yabwino ikachitidwa mwa njira yake. Mwana apinda pepala pakati, najambula theka la mtima m'mbali mwa mpindowo, nadula ndi sizasi; pofunyulula aona kuti mbali ziwiri zalingana ndendende, ngakhale iye anadula kamodzi kokha. Wazindikira ndi zala zake chinthu chimene masamu adzachipatsa dzina zaka zingapo m'tsogolo, ndipo minofu ya dzanja yomwe idzagwira pensulo yalimbikira. Kupinda ndi kudula mapepala kunali pakati pa nchito zimene Friedrich Froebel anaikira ana aang'ono m'sukulu yake ya ku Germany, imene anaitcha kindergarten mu 1840. Komatu mtima suli kanthu kapadera pano, pakuti tsamba la mtengo kapena gulugufe aphunzitsa chimodzimodzi. Ndipo phindu lonse limatayika pamene mphunzitsi agawira ana mitima yojambulidwa kale kuti angopaka utoto. Mitima 25 yofanana yopachikidwa pakhoma ikondweretsa makolo odzacheza, koma wagwira nchito ndi makina osindikizira.

Za maswiti sizifuna mau ambiri. Pali timaswiti ta maonekedwe a mtima, ta mitundu yosiyanasiyana, tolembedwa timau tachikondi pamwamba, timene kampani ya Necco inatchuka nato kwa zaka zoposa 100 kufikira inatsekedwa mu 2018. Ana amatipatula monga mwa mitundu yake, natiwerenga, natindandalika m'mizere kuti aone mtundu wochuluka ndi wochepa. Awa ndi masamu enieni, ndipo palibe angawanyoze. Koma nyemba zamitundumitundu zigwira nchito yomweyo, ndiponso sizitha kudyedwa phunziro lili mkati. Mu 2019 maswiti a kampaniyo sanapezeke m'masitolo, ndipo kuwerengera sikunaime m'sukulu ya dziko lililonse. Zotsika koposa ndi zipepala zija zimene mwana alembapo chilembo chosowa kapena yankho la samu mkati mwa chithunzi cha mtima. Limeneli ndi phunziro la masiku onse lovekedwa malaya ofiira basi.

Nchito imodzi yokha ndiyo ili ya tsikuli ndithu, ndiyo kulemba kalata ndi kuifikitsa kwa mwini wake. Mphunzitsi apatsa mwana aliyense mndandanda wa maina a kalasi lonse. Mwana aliyense akonza bokosi lake, kawirikawiri la nsapato, naboola chiboo pachivindikiro, nalemba dzina lake m'zilembo zazikulu. Tsiku likafika ana ayenda ndi makalata awo, nawerenga dzina pa envulopu, nafunafuna bokosi lokhala ndi dzina lomwelo. Aphunzitsi ena amakonza kapositi ofesi pangodya ya kalasi, ndi masitampa ojambula pamanja, ndipo ana amasinthana udindo wa wosankha makalata ndi wogawa.

Ubwino wa nchito imeneyi ndi waukulu kuposa m'mene uonekera. Mau oyamba amene mwana amawazindikira pa pepala ndi dzina lake, kenaka maina a anzake, chifukwa iwo ndi anthu amene iye awadziwa, osati galu ndi mphaka wa m'buku. Kuwonjezera apo, nthawi zambiri mwana wa sukulu amalembera munthu mmodzi yekha, ndiye mphunzitsi, amene awerenga pofuna kupeza zolakwa. Pano akulembera mnzake amene adzawerenga pofuna kumva zimene zanenedwa. Ngati m'kalasi muli ana awiri a maina oyamba ndi chilembo chimodzi, wogawa makalata sangathenso kuyang'ana chilembo choyamba chokha monga anazolowera. Ayenera kuliwerenga dzinalo kufikira kumapeto, apo ai kalata ilowa m'bokosi la mwini wina ndipo padzakhala wodandaula. Chomwe chamuwongola ndi nchitoyo, osati pensulo yofiira. John Dewey, amene anatsegula sukulu yake yoyeseramo maphunziro ku Chicago mu 1896, anatsutsa kwa zaka zambiri maphunziro olekanitsidwa ndi moyo wa mwana, ndipo kapositi ofesi ka m'kalasi ndi chitsanzo chosavuta cha zimene iye anafuna.

Tsono apa ndi pamene sitolo iononga. Makolo ambiri amagula makhadi osindikizidwa kale, okwanira kalasi lonse m'paketi imodzi, okhala ndi zithunzi za m'makatuni ndi mau olembedwa ndi munthu wamkulu amene mwanayo sanamuonepo. Chotsalira mwana ndi kulemba dzina lake pansi. Masukulu ena amafika popempha makolo kuti malo a dzina la wolandira asiyidwe opanda kanthu, kuti kugawa kufulumire. Kufulumira kumafulumiradi, koma chatayidwacho ndicho phunziro lenileni: mwana sanawerenge dzina, sanafune bokosi, sanaganizire munthu aliyense. Wangoponya pepala m'chiboo chilichonse monga wofesa mapira.

Palinso nkhani ina yolemera kuposa kuwerenga. Mwambowu ukasiyidwa kuti mwana apatse amene wamkonda yekha, mabokosi amasanduka sikelo yoyezera kukondedwa, ndipo kalasi lonse liona bokosi lodzaza ndi bokosi lopanda kanthu. Charles Schulz anaonetsa zimenezi m'kanema wa katuni wa 1975 wotchedwa Be My Valentine, Charlie Brown, m'mene mnyamatayo apita ku sukulu ndi chikwama chonyamuliramo makhadi, nabwerera wosalandira khadi ngakhale limodzi. Nchifukwa chake masukulu ambiri a ku America anaika lamulo lakuti wopatsa apatse onse. Ena amatsutsa lamuloli, amati chikondi chokakamiza si chikondi, ndipo mwana akuphunzitsidwa chinyengo. Mau amenewa ali ndi mbali yoona, koma alakwa pa chinthu chimodzi. Kalata ya m'kalasi si lumbiro la mumtima. Ifanana ndi moni, amene mwana woleredwa bwino apereka kwa aliyense wokumana naye panjira popanda kunama. Anthu a ku Finland anaona bwino pamene anatcha tsikuli Ystävänpäivä, ndiko kuti tsiku la bwenzi.

Chofooka chenicheni cha lamuloli chili pena. Ilo lilinganiza chiwerengero cha makhadi, koma silingathe kulinganiza mtengo wake, ndipo ana saphonya kuona kuti wina wamatapo switi pa khadi lililonse pamene wina wabweretsa timapepala tong'amba m'kope. Mankhwala ake ndi akuti makalata onse apangidwire m'kalasi, pa pepala la mtundu umodzi, ndipo mwana alembepo kapena auze mphunzitsi chinthu chimodzi choona chimene achiyamikira mwa wolandirayo. Imeneyi si nchito yopepuka. Kupeza mau oona ndi abwino onena za mnyamata amene amakankha anzake pamzere kufuna kuganiza kumene zipepala za mitima sizifuna konse. Ndipo mwana wonena kuti mnyamatayo amathamanga koposa onse walemba chiganizo chake choyamba chochokera m'kupenya kwake.

Mphunzitsi wa m'Malawi wofuna kutengako nchitozi ayenera kuyamba wawerengera. M'kalasi la ana 25, aliyense akalembera anzake onse, makalata akwana 600. M'kalasi la ana 80, limene si lachilendo m'Sitandade 1 chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, akwana 6,320, ndipo palibe sukulu ya kumudzi ingapeze mapepala otero. Febuluwale ndi mwezi umene nkhokwe zambiri zapepuka, wosayenera kupemphamo makolo ndalama za maswiti. Chinenero nachonso chili ndi msampha wake. Mau akuti bwenzi ndi chibwenzi ali ndi matanthauzo awiri m'Chichewa, ndipo m'matauni muno tsiku la Valentine lidziwika ngati la anthu okondana, a zovala zofiira ndi mphatso. Kholo lomva kuti mwana wake wa zaka 6 walemba kalata ya chikondi ku sukulu lidzalawirira kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo silidzakhala lolakwa pofunsa.

Chotheka kutengedwa ndi kalata ndi lamulo lake, ndipo ziwirizi sizimangika pa 14 Febuluwale; zingachitike mlungu uliwonse umene ana ayamba kulemba maina. Dzina lake likhale kalata kwa mnzanga. Maina onse a m'kaundula alembedwe pa timapepala ndi kuikidwa m'chipewa, mwana aliyense atolepo limodzi, kuti alembe kalata imodzi ndi kulandira imodzi. Katoni imodzi yogawidwa zipinda monga mwa zilembo zoyamba za maina ikwanira kalasi lonse. Timapepala totsala m'chipewa ndi ta ana amene anzawo owalembera sanabwere tsikulo, mwina chifukwa cha malungo kapena mtsinje wodzaza. Mphunzitsi atigawire ana ofulumira kulemba kuti alembe kachiwiri, ndipo makalata a ana ojombawo asungidwe m'katoni kufikira eni ake atabwera kudzawatenga okha.