Nyerere za Indra ndi Mapazi a pa Kaphirintiwa: Luso Losimba Zakalekale

Mwana wa sukulu kuno ku Chinguluwe akauzidwa kuti dziko lapansi lakhalapo kwa zaka 4,540 miliyoni, amalemba nambalayo m'kope, amailoweza, ndipo mayeso akabwera amakhoza. Koma kutalika kwa nthawiyo sikumufika pamtima. Mutu wa munthu umagwira bwino zaka za agogo ake, mwinanso za agogo a agogowo. Kupitirira apo zonse zimangosanduka "kalekale", moti zaka 1,000 ndi zaka miliyoni imodzi zimalemera chimodzimodzi m'khutu. Wasayansi amatha kuyeza nthawi, koma woifikitsa m'chifuwa mwa womvera ndi wosimba nkhani. Limeneli ndi luso lapadera, ndipo mwa akatswiri ake akuluakulu muli alembi akale a ku India ndi makolo athu Achewa.

Mabuku a Ahindu otchedwa Purana, olembedwa m'chinenero cha Sanskrit, amagawa nthawi m'nyengo zinayi zotchedwa yuga. Yoyamba, Krita, imatenga zaka 1,728,000. Yachiwiri, Treta, zaka 1,296,000. Yachitatu, Dvapara, zaka 864,000. Yomaliza, Kali, imene amati tili m'kati mwake tsopano, ndi ya zaka 432,000. Zinayizi zikaphatikizidwa zimakwana zaka 4,320,000. Zikazungulira maulendo 1,000, ndiye kuti wangotha usana umodzi wa Brahma, mulungu wolenga, ndipo usiku wake umatalika chimodzimodzi. Usana umodziwo ndi zaka 4,320 miliyoni.

Nambala imeneyi ikayikidwa pambali pa 4,540 miliyoni ya asayansi, anthu ambiri amagwira pakamwa. Mu 1980, Carl Sagan, katswiri wa zanyenyezi wa ku America, anayamikira pa kanema wake wotchedwa Cosmos kuti kukula kwa nthawi ya Ahindu kumayandikira kukula kwa nthawi imene sayansi yapeza. Kuyamikirako n'koyenera. Mu 1650, bishopu wamkulu James Ussher wa ku Ireland anawerengera kuti dziko linalengedwa m'chaka cha 4004 Yesu asanabadwe, pamene alembi a ku India anali atazolowera kale kulankhula za mamiliyoni osachita chizungulire. Koma ena amapitirira malire. Amati mabukuwa ankadziwiratu zimene asayansi anatulukira mochedwa, ndipo umboni wawo wina ndi mndandanda wa maonekedwe khumi amene mulungu Vishnu amabwera nawo padziko: poyamba nsomba, kenako kamba, kenako nguluwe, kenako munthu wa mutu wa mkango, kenako munthu wamfupi, mpaka anthu athunthu monga Rama ndi Krishna. Amati umenewu ndi mzere womwewo wa kusintha kwa zamoyo wa Charles Darwin, wochoka m'madzi kupita kumtunda.

Kufananitsa kotereku kumalakwira mbali zonse ziwiri. Zaka 4,320 miliyoni m'mabukuwa si msinkhu wa dziko, koma kutalika kwa usana wa Brahma, ndipo mwa kuwerengera kwa eni akewo usanawo sunafike n'komwe pakati: zapita zaka zochepera pang'ono 2,000 miliyoni. Rama anali mfumu ya mzinda, ya nyumba zachifumu ndi magaleta, m'nyengo ya Treta, imene mwa chiwerengero chomwecho inatha zaka zoposa 860,000 zapitazo. Mafupa ofukulidwa amasonyeza kuti anthu a mtundu wathu akhalapo zaka pafupifupi 300,000 zokha, ndipo mizinda ndi ya dzulodzuloli. M'mndandanda wa Vishnu mulibe tizilombo tosaoneka ndi maso timene tinakhala tokha padziko kwa zaka mamiliyoni ochuluka zedi, mulibe zomera, mulibe zilombo zija zotchedwa dinosaur. Nambala ya asayansi nayo ili ndi njira yake. Wasayansi Clair Patterson analengeza nambala yoyandikana nayo kwambiri mu 1956 atayeza mtovu m'miyala yogwa kuchokera kumlengalenga, podziwa liwiro limene yureniyamu, mtundu womwe uja wa ku mgodi wa Kayelekera, imasandukira mtovu. Wina aliyense wokhala ndi zipangizo akhoza kubwereza muyesowo n'kuutsutsa ngati walakwika. Nambala za Purana sizinapangidwire kutsutsidwa choncho.

Chimene zinapangidwira chimaoneka tikaziyang'ana ngati ntchito ya mmisiri. Nyengo zinayi zija zimatsika mwadongosolo: magawo anayi, atatu, awiri, limodzi. Mabukuwa amayerekeza chilungamo ndi ng'ombe yamphongo imene m'nyengo yoyamba imayima ndi miyendo inayi, ndipo nyengo iliyonse ikadutsa imataya mwendo umodzi, mpaka m'nyengo yathu ino yangotsala ndi umodzi. Mlimi aliyense amadziwa kuti ng'ombe ya mwendo umodzi singakoke ngolo. Wolembayo wamangirira nambala yosagwirika ku chinthu chimene womvera amachiona ndi maso, ndipo waisenzetsa chiweruzo pa khalidwe la anthu.

Luso limeneli limafika pachimake m'nkhani ya Indra ndi nyerere, ya m'buku la Brahma Vaivarta Purana. Indra, mfumu ya milungu, atagonjetsa mdani wake analamula mmisiri Vishvakarma kuti amumangire nyumba yachifumu yosaonekapo n'kale lonse. Mmisiri akamaliza mbali ina, mfumu inkafuna zina zoposa, mpaka iye anatopa n'kukadandaula kwa akuluakulu. Tsiku lina pachipata panafika kamnyamata kokongola. Kanayamikira nyumbayo, n'kunena kuti mwa a Indra onse amene analipo m'mbuyomo palibe anamanga yotere. Mfumu inadabwa kumva kuti kunali a Indra ena. Ali m'kati mokambirana, mzere wa nyerere unadutsa pabwalo, ndipo kamnyamatako kanaseka. Mfumu itaumirira kudziwa chifukwa, kanaulula kuti nyerere iliyonse pamzerewo inakhalapo Indra pa nthawi yake. Kenako kunalowa nkhalamba yokhala ndi ubweya wozungulira pachifuwa, pakati pake pali dazi. Inafotokoza kuti Indra mmodzi akafa, tsitsi limodzi limathothoka.

Wosimbayu sanayambe ndi nambala. Wayamba ndi munthu wodzikuza amene tonse timamudziwa, wofuna kuwonjezera chipinda pa chipinda. Uthenga waukulu wauyika m'kamwa mwa mwana, ndipo muyeso wa nthawi wauyika pa kachilombo kamene timakaponda osadziwa. Dazi la pachifuwa cha nkhalamba ndi wotchi imene womvera sangaiwale, chifukwa aliyense ali ndi chifuwa. Nkhaniyo ikatha, munthu wamva kuchepa kwake pamaso pa nthawi, chinthu chimene tebulo la nambala silingachite.

Makolo athu anafika pa vuto lomwelo kudzera njira ina. Iwo sanawerenge zaka. Wosimba nthano akati "Padangotero," omvera n'kuyankha kuti "Tili tonse," ndiye kuti onse agwirizana kutuluka m'nthawi ya masiku ndi miyezi n'kulowa m'nthawi imene nyama zinkayankhula. Nkhani ya chilengedwe ya Achewa, imene Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe anailemba m'buku lawo Land of Fire mu 1985, imati pachiyambi dziko linali louma, lopanda chamoyo. Mitambo itachita bii, mvula inagwa, ndipo pamodzi nayo kunatsika Chauta, mwamuna ndi mkazi oyamba atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, komanso nyama zonse. Anatera pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama. Thanthwe linali lidakali lofewa, choncho mapazi awo anadindika, ndipo litauma zizindikirozo zinatsala. Onse ankakhala mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapekesa moto ndi timitengo tiwiri. Tchire linayaka, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, ziweto monga galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, atalamula kuti munthu azifa.

Mawu akuti thanthwe linali lofewa akuchita ntchito yomwe mamiliyoni a Purana amachita. Womvera amadziwa kuuma kwa mwala wa mphero. Akauzidwa kuti kunali nthawi imene mwala unkabonyoka ngati dothi la kudambo, thupi lake limamva kuti imeneyo ndi nthawi yakutali kuposa agogo onse. Wosimba wa ku India amatambasula nthawi mpaka womvera achite mantha. Wa kwathu kuno amaipinda n'kuiyika pamalo amodzi amene munthu angapiteko ndi miyendo. Ndipo monga ng'ombe yotaya miyendo ija, nkhani yathu nayonso ili ndi chiweruzo: nzeru zomwe zinatipatsa moto ndi zomwenso zinatilekanitsa ndi nyama ndi Mlengi. Aliyense woona utsi wa moto wolusa m'tchire la Salima m'mwezi wa Seputembala, anthu akusaka mbewa kapena kuotcha makala, amadziwa kuti nkhaniyo sinakalambe.

Ifenso msampha uja wofananitsa nkhani zakale ndi sayansi ukutidikirira. Mu 1978, ku Laetoli m'dziko la Tanzania, gulu la Mary Leakey linafukula mapazi a zolengedwa zoyenda ndi miyendo iwiri ngati ife, odindika pa phulusa la phiri lophulika limene mvula inanyowetsa zaka pafupifupi 3.6 miliyoni zapitazo. Pamalo omwewo pali mapazi a nyama ndi mbalame, ngakhalenso timadontho ta mvula. Mvula, nthaka yofewa, anthu ndi nyama pamodzi: n'kosavuta kulumpha n'kunena kuti Achewa ankadziwa za Laetoli. Sankadziwa, ndipo ulemu wawo sudalira zimenezo. Chimene ankadziwa ndi chimene mlenje aliyense amadziwa, kuti phazi ndi umboni wa amene anadutsa. Wosimba nthano anatenga nzeru imeneyo n'kumangira nkhani, wasayansi anaitenga n'kumangira muyeso. Nthano ikakakamizidwa kupikisana ndi muyeso imagonja, ndipo ana amaitaya poganiza kuti linali bodza chabe.

Chondipweteka mtima n'chakuti Malawi ali ndi chuma cha zakalekale chimene sichinapezebe osimba okwanira m'Chichewa. Ku Karonga, mafupa amene Frank Dixey anatola m'zaka za m'ma 1920 anapatsidwa dzina latsopano mu 1993, Malawisaurus dixeyi, ndi gulu la Louis Jacobs, momwe munalinso katswiri wa kwathu Elizabeth Gomani. Chinali chilombo cha khosi lalitali, chodya masamba, chimene chinkayenda m'dziko lino zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, nyanja yathuyi isanakhaleko. Mu 1991, ku Uraha m'boma lomwelo, ofufuza otsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage anapeza nsagwada ya munthu wakale ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za mtundu wa Homo. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, imaonetsa mbiri imeneyi. Kuno kwathu, m'madzi ozungulira zilumba za Maleri muli mbuna zamawangamawanga, abale a chambo, utaka ndi ncheni. Nsomba za banja limeneli m'nyanja yathu zili m'mitundu mazanamazana, ndipo asayansi a m'mayiko ambiri amabwera kudzaphunzira momwe zinagawikanira kuchokera ku makolo ochepa. Msodzi wa ku Senga Bay amakoka umboni wa kusintha kwa zamoyo m'khoka lake tsiku ndi tsiku, koma nkhani yake imasimbidwa kwambiri m'Chingerezi.

Wosimba wa lero angabwereke njira za akale osabwereka nambala zawo. Atenge msewu wa Salima kupita ku Lilongwe, wa makilomita pafupifupi 100, n'kuuyesa moyo wonse wa dziko lapansi. Pafupifupi ulendo wonse, kudutsa zitunda zonse zija, udzayenda wopanda munthu. Malawisaurus adzaonekera kutatsala makilomita awiri ndi kanthu kuti tifike. Zilombo za mtundu wake zidzatha, zaka 66 miliyoni zapitazo, kutatsala kilomita imodzi ndi theka. Mwini nsagwada ya ku Uraha adzatulukira kutatsala mamita 50, anthu a mtundu wathu kutatsala mamita osakwana 7, ndipo mbiri yonse yolembedwa idzakwana m'chikhatho chimodzi. Nambala zonsezi ndi za sayansi, koma kazifikitsidwe kake ndi ka wosimba wa nyerere za Indra: chinthu chachikulu chayezedwa ndi chinthu chimene womvera amachidziwa ndi mapazi ake.

Luso losimba zakalekale lili ndi malamulo awiri, ndipo onse ndi ofunika mofanana. Loyamba, wosimba asanamize omvera kuti nthano ndi muyeso, kaya ndi ya Vishnu kaya ya Chauta. Ahindu amene amapembedza m'makachisi awo ku Blantyre ndi ku Lilongwe safunika chilolezo cha Darwin kuti alemekeze mabuku awo, monganso Mchewa safunika mapazi a ku Tanzania kuti alemekeze Kaphirintiwa. Lachiwiri, wophunzitsa sayansi asaganize kuti nambala ikalembedwa pa bolodi ndiye kuti yamveka. Aphunzitsi, olemba masewero a pa wailesi, alakatuli ndi agogo osimba nthano madzulo ali ndi ntchito imodzi yowadikirira: kusimba Malawisaurus, Uraha ndi mbuna m'chinenero chathu, ndi nyimbo yovomerezana pakati pa nkhani monga nthano zimakhalira, zaka zake zili zoona ndipo kasimbidwe kake kali kogwira mtima. Akale anatisiyira njira zosimbira, nthaka ya Karonga ndi madzi a Salima zatipatsa nkhani, ndipo kulumikiza ziwirizi ndi udindo wa m'badwo uno.